Kompyuta Ikakuyezani Matenda, Ndani Adzayankhe Zikalakwika?

Ku Kanyama kompyuta inayamba kuwerenga zithunzi za m'chifuwa ambiri a ife tisanamve n'komwe za AI. Pulogalamu yotchedwa CAD4TB, yopangidwa ku Netherlands, inayesedwa pa zithunzi za odwala a pa kiliniki ya kumeneko, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2013. Chaka chotsatira ofufuza a ZAMBART anatulutsa kafukufuku wina wa mu Lusaka momwemuno, wa anthu 350 oganiziridwa kuti ali ndi TB. Pulogalamuyo sinaphonye ngakhale mmodzi mwa amene makhololo awo anaonetsa matendawa, koma inalozanso chala anthu pafupifupi atatu mwa anayi alionse amene analibe TB. Mapulogalamu a lero aposa pamenepo, koma khalidwe silinasinthe kwenikweni. Ali ngati galu wolondera pakhomo: amauwa wakuba, amauwanso mlamu wobwera kudzacheza, ndipo mwini nyumba ndiye ayenera kutuluka kukaona kuti pageti pali ndani.

Choncho nkhaniyi si ya a ku Kabulonga okha kapena ya zipatala zolipira. Ili m'makomboni mwathu muno, ku Chipata, Matero, Chawama, George, Mtendere ndi Kalingalinga. AI ina imatipeza kuchipatala, ina tinaigula tokha ndipo timagona nayo kumutu, m'foni. Ine sindidana nawo makinawa. Dziko limene madokotala odziwa kuwerenga X-ray ndi owerengeka silingakane thandizo lotere. Chimene ndimakana n'chakuti munthu auzidwe za thupi lake popanda wina wodziwika dzina amene angafunsidwe mawa. Kompyuta simungaitengere ku bungwe loona za madokotala, ilibe chiphaso choti ailande. Malangizo ali m'munsiwa ndi othandiza banja kudziwa pamene makina agwira ntchito, zimene anena, ndi munthu amene waima kumbuyo kwake.

Mukapita kukajambulidwa pachifuwa

M'mwezi wa March 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti makompyuta aziwerenga zithunzi za X-ray pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Kuyambira pamenepo n'zotheka ndithu kuti chithunzi chanu, kaya mwajambulidwa pachipatala kaya m'galimoto yoyendayenda imene yaima pamsika, chayamba kuonedwa ndi pulogalamu munthu asanachione. Mukasuzumira pa sikirini muona nthiti zanu, mapapo atapakidwa mitundu, pena pa buluu, pena pachikasu, pena pofiira, ndipo pambali pali nambala ya pakati pa 0 ndi 100. Anthu ambiri mtima umagunda akaona pofiira. Ena akamva kuti 70 amayesa kuti mapapo awo aonongeka magawo 70 pa 100. Ayi. Nambalayo ikungonena kuti chithunzi chanu chikufanana motani ndi zithunzi za odwala TB zimene pulogalamuyo inaphunzirirapo. Malire oti kuyambira apa munthu apereke makhololo amaika ndi anthu oyendetsa ntchito ya TB, ndipo angasiyane malo ndi malo.

Funsani mwaulemu, mwachidule, poti pamzere pali anthu: "Pepani a Sisita, chithunzichi wawerenga ndi adokotala kapena kompyuta? Nanga chotsatira n'chiyani?" Yankho loyenera, ngati nambala yakwera, n'lakuti mupereke makhololo akayezedwe, kawirikawiri pa makina a GeneXpert. Musalole kuti nkhani ithere pa chithunzi chokha popanda wa zaumoyo kukufunsani za kutsokomola, thukuta la usiku, kuonda ndi kutentha thupi. Nthawi zina dokotala angayambitse mankhwala ngakhale makhololo asanaonetse kanthu, malinga ndi mmene wakuonerani, koma chimenecho chikhale chigamulo cha munthu, ndipo dzina lake lilembedwe pa khadi lanu.

Ngati munadwalapo TB kale, nenani musanajambulidwe, ngakhale asakufunseni. TB imasiya zipsera m'mapapo, ndipo kompyuta imavutika kusiyanitsa chipsera chakale ndi matenda atsopano. Ofufuza a CIDRZ anaziona zimenezi mu Lusaka momwemuno: mapulogalamu a CAD4TB ndi qXR ankalozera molakwika kwambiri anthu amene anachira TB kusiyana ndi amene sanadwalepo. Khadi lakale la mankhwala musataye. Liikeni m'pulasitiki pamodzi ndi zitupa, lidzakuyankhulirani.

Mbali inayo ndiyo yoopsa kwambiri, ngakhale anthu saiopa. Nambala ikatsika, munthu amabwerera kunyumba akumwetulira, amvekere kompyuta yati ndili bwino. Kompyuta sinatero. Yangonena kuti pachithunzipo sinaone chofanana ndi TB. Munthu amene ali ndi HIV, makamaka chitetezo chikatsika, angakhale ndi TB chithunzi chili choyera. TB ya m'mafupa, ya m'mimba kapena ya m'zotupa za m'khosi sioneka pa chithunzi cha pachifuwa. Ndiponso pulogalamu yophunzitsidwa kufufuza TB musaiyese kuti yakuyezani mtima, mphumu ndi khansa. Ngati chifuwa sichikutha, bwererani, ndipo mukanene kuti munajambulidwa tsiku lakuti koma simukupeza bwino. Kwa mwana wosafika zaka 15, limbikirani kuti chithunzi chake achione wa zaumoyo.

Za amayi oyembekezera, ndi mapepala a kafukufuku

Lusaka yathandizanso kuphunzitsa makina ena. Ofufuza a ku University of North Carolina pamodzi ndi anzawo a kuno anapanga pulogalamu yodziwa msinkhu wa mimba pogwiritsa ntchito kachipangizo ka m'manja kojambulira. Woyeza amangokayendetsa pamimba mizere ingapo, osafunika kukhala katswiri wa sikani. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2024, za amayi 400 a ku Lusaka ndi ku Chapel Hill, zinaonetsa kuti pa mimba za masabata 14 mpaka 27 kachipangizoka kankaphonya ndi masiku pafupifupi atatu, chimodzimodzi ndi katswiri wa makina aakulu. Imeneyi ndi nkhani yabwino kwa mayi amene sakumbukira tsiku limene anasamba komaliza. Koma mukayezedwa ndi chipangizo chotere, funsani kuti chayeza chiyani. Kudziwa masabata a mimba si kudziwa kuti mwana ali bwino m'zonse. Sikelo musasiye, BP ndi magazi ziyezedwe monga mwa nthawi zonse.

Popeza makomboni athu ndiwo amachitikira kafukufuku wambiri, tsiku lina mudzapatsidwa pepala loti musaine. Kafukufuku wa zaumoyo m'Zambia amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga mbali komanso ndi National Health Research Authority, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013. Pemphani kuti akuwerengereni m'Chinyanja. Funsani ngati zithunzi zanu kapena mawu a kutsokomola kwanu zidzagwiritsidwe ntchito pophunzitsa kompyuta, ngati dzina lanu lidzachotsedwepo, ndiponso ngati zidzatumizidwe kunja. Tengani kope lanu la pepalalo, pali nambala ya foni ya komiti. Mukakana, thandizo lanu la kuchipatala siliyenera kusintha. Ndalama ya transipoti imene amapereka isakusainitseni chinthu chimene simunamve.

Dokotala wa m'foni

Apa ndipo pagona nkhani, chifukwa kuchipatala kuli anthu oyang'anira, koma m'nyumba muli nokha. ChatGPT inatuluka mu November 2022, ndipo tsopano pa WhatsApp palinso Meta AI, moti aliyense wokhala ndi bandulo angafunse chilichonse. Taganizani usiku malaiti atapita, mwana wa zaka ziwiri watentha thupi, ambuya ake akumupukuta ndi kansalu konyowa, ndipo mkulu wake wa giredi 11 wagwira foni akulemba m'Chingerezi chake cha kusukulu. Yankho likubwera msangamsanga, lalitali, laulemu, lokonzedwa bwino. Silinamuone mwanayo. Silikudziwa kuti akulemera makilo angati, kuti sabata yatha anali kumudzi ku Petauke kumene malungo ndi ambiri, kapena kuti chitsime chimene mumatungako chayandikana ndi chimbudzi. Likungoyankha zimene mnyamatayo wakumbukira kulemba.

Mapulogalamuwa anapangidwa kuti azilumikiza mawu omveka bwino. Nthawi zambiri amalondola, koma akalakwa salankhula mokayika, mawu ake amakhala osalala chimodzimodzi. Mu 2025 madokotala a ku America analemba za bambo wina wa zaka 60 amene, atacheza ndi ChatGPT za kusiya mchere, anayamba kudya mankhwala otchedwa sodium bromide m'malo mwake, mpaka anasokonezeka mutu n'kugonekedwa m'chipatala masabata atatu. Mu January 2024 a WHO anachenjeza kale kuti mapulogalamu oterewa angapereke mayankho abodza, osakwanira kapena okondera. Onjezanipo kuti Chinyanja amachidziwa mwapatalipatali. Mukalemba kuti mwana ali ndi "chifuwa" kapena mayi "wadwala mutu waukulu", simudziwa chimene makinawo amva.

Choyamba, m'nyumba mugwirizane lamulo ili, ndipo ana a sukulu alimve bwino chifukwa ndiwo amagwira mafoni: zizindikiro zoopsa sizifunsidwa pafoni. Mwana akakomoka kapena kugwidwa ndi linjirinjiri, akakana kuyamwa ndi kumwa, akamasanza chilichonse, akamapuma mobanika nthiti zikulowa m'kati, kapena khanda likatentha thupi, nyamukani. Mayi woyembekezera akataya magazi, mutu ukamuwawa kwambiri maso akuchita chidima, akatupa nkhope, kapena mwana akasiya kugunda m'mimba, nyamukani. Wamkulu akapindika pakamwa, dzanja likafooka mwadzidzidzi, kapena pachifuwa pakamuthina, nyamukani. Zipatala za Chipata, Kanyama, Chawama, Matero ndi Chilenje zinakwezedwa kukhala za Level 1 kuti anthu asamathamangire ku UTH ndi chilichonse, ndipo zimagwira ntchito usiku. Kutsegula m'mimba kwa madzi ngati otsukira mpunga nakonso sikudikira. Amene tinaona kolera ya 2023 ndi 2024, bwalo la Heroes litasanduka chipatala, tikudziwa kuti munthu amatha m'maola ochepa. Mpatseni ORS akumwa m'njira. Ngati mulibe paketi, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini.

Kachiwiri, foni isakuuzeni mlingo wa mankhwala, makamaka wa ana, ndipo isakusiyitseni ma ARV, mankhwala a TB, a BP, a shuga kapena a khunyu. Isakuyambitseninso Coartem magazi asanayezedwe, kapena ma antibayotiki ogula pa kantemba. Mankhwala amalimbana okhaokha m'thupi m'njira zimene wa kuchipatala amene ali ndi fayilo yanu ndiye angazione. Mwachitsanzo, rifampicin wa m'mankhwala a TB amafooketsa mapiritsi olera ndi kachipangizo kolera ka pamkono, ndipo amene akumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir amawaonjezera mlingo pa nthawi ya mankhwala a TB. Mukaiwala kutchula chimodzi mwa zimenezi pafoni, makinawo sadzatsegula kabati yanu kuti aone.

Kujambula zidzolo n'kutumiza kuti foni inene matenda nakonso n'kokayikitsa. Zithunzi zambiri zimene mapulogalamu a matenda a pakhungu anaphunzirirapo ndi za anthu a khungu loyera, ndipo chotupa chofiira pa mzungu sichioneka chimodzimodzi pa ife.

Nanga n'zachabe? Iyayi. Zimathandiza pa ntchito zimene zikalakwika simufa nazo. Mwabwera kuchipatala ndi pepala lolembedwa mawu ovuta, ifunseni ikumasulireni m'mawu apafupi. Mawa muli ndi tsiku loonana ndi adokotala, ikuthandizeni kukonza mafunso atatu kapena anayi oti mukafunse, poti nthawi ya m'chipinda muja ndi yochepa. Mkodzo wafiira mutayamba mankhwala a TB, ingakuuzeni kuti rifampicin amatero, ndipo inu mukatsimikize kwa anesi kapena kwa wothandizira odwala TB wa m'dera lanu. Mukapita kuchipatala musabise kuti munafunsa foni. Nenani kuti, "Adokotala, ndinawerenga zakutizakuti, kodi n'zoona?" Ena adzakwinya nkhope, koma ndi bwino akonze bodzalo kusiyana n'kuti mulisunge mumtima n'kumamwa mankhwala mokayika.

Tsono za chinsinsi. Zimene mwalemba m'mapulogalamuwa zimapita ku makompyuta a kampani, kawirikawiri kunja kwa dziko, ndipo zingasungidwe. Musalembe dzina lonse, nambala ya NRC, ya NHIMA kapena ya khadi la SmartCare. Mukafuna kujambula pepala la zotsatira, pindani kumtunda kumene kuli dzina. Za matenda a munthu wina, kaya ndi amuna anu, apongozi kapena wa lendi mnzanu, si zanu zoti muzilembe ndi dzina lake. Kumbukiraninso kuti m'nyumba zambiri foni ndi imodzi. Mtsikana amene wafunsa za mimba kapena za HIV usiku, m'mawa foniyo ili m'manja mwa atate ake. Fufutani macheza mukatha. Pulogalamu ya zaumoyo imene ikupempha kuona manambala a anzanu onse, zithunzi ndi mauthenga anu, ichotseni, ilibe nazo ntchito. Ndipo musadalire kampani kuti ikusungireni mbiri ya matenda anu. Ku Rwanda anthu ochuluka ankaonana ndi madokotala pafoni kudzera ku Babyl, koma mu 2023 ntchitoyo inatsekedwa kampani yaikulu ya Babylon ya ku Britain itagwa. Kabuku ka pepala sikagwa ndi kampani.

Akuba ovala gauni yoyera

Pa Facebook ndi TikTok pamayenda mavidiyo a dokotala wotchuka kapena wowerenga nkhani wa pa TV akutamanda mankhwala ochiza shuga, BP ndi mafupa pa sabata imodzi. Nkhope ndi yake, mawu ngati ake, koma sanalankhulepo zimenezo, zapangidwa ndi AI. Mu 2025 zinamuchitikira Pulofesa Salim Abdool Karim wa ku South Africa, amene anamupangira vidiyo yabodza yonyoza katemera wa COVID-19. Yang'anitsitsani milomo ngati ikugwirizana ndi mawu, koma musadalire maso okha poti mavidiyowa akunka nakongola. Dalirani izi: mankhwala ochiza matenda khumi nthawi imodzi kulibe, ndipo dokotala weniweni sakuuzani kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena MoMo lero lomwe mtengo usanakwere. Nambala yotere ikanenezeni ku ZICTA poimba *707#.

Palinso aja amabwera ndi laputopu pamsika, pa holo kapena pambuyo pa mapemphero, n'kukugwiritsani kachitsulo m'manja mphindi imodzi, kenaka pepala lituluka lonena kuti chiwindi chatopa, impso zadetsedwa, magazi ali ndi poizoni. Masiku ano ena akumati makina awo ndi a AI. Palibe makina oyeza ziwalo zonse pogwira kachitsulo. Muone kumene nkhani imathera: pa tebulo lomwelo pali mabotolo ogulitsa, ndipo mtengo wake ungakulowetseni mu kaloba. Woyeza matenda aliyense ayenera kukhala ndi chiphaso cha Health Professions Council of Zambia, kapena cha Nursing and Midwifery Council of Zambia ngati ndi nesi kapena mzamba, ndipo kiliniki yolipira iyenera kukhala ndi laisensi. Ogulitsa mankhwala amapatsidwa chilolezo ndi ZAMRA. Pemphani kuona mapepalawo. Amene ali nawo sakwiya, amangoloza pakhoma.

Lamulo lili pati?

Mu November 2024 nduna ya zaluso ndi sayansi, a Felix Mutati, anakhazikitsa ndondomeko ya dziko lino ya AI, patangopita miyezi yochepa African Union itavomereza yake mu July. Ndondomeko ndi chikonzero cha boma, si lamulo loti mungapite nalo kukhoti. Mayiko a European Union ndiwo anafika pokhazikitsa lamulo lenileni, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 August 2024, ndipo limaika makina ambiri a zachipatala m'gulu lofunika kuyang'aniridwa kwambiri. Ife chimene tili nacho m'manja, chimene mabanja ambiri sachidziwa, ndi Data Protection Act, lamulo nambala 3 la 2021.

Lamuloli limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinsinsi zofunika kusamalidwa mwapadera, ndipo limati zoterezi zizisungidwa pa makompyuta a m'dziko muno. Limakupatsani ufulu wofunsa zimene bungwe likusunga zokhudza inu, wouza kuti akonze zolakwika, ndi wokana kuti zigwiritsidwe ntchito m'njira zina. Za mwana zimafuna chilolezo cha kholo kapena womulera. Mfundo yokhudza kwambiri nkhani yathuyi ndi yakuti munthu sayenera kugamulidwa ndi makina okha pa chinthu chachikulu chomukhudza. Koma pali pothawira: lamulo limalola zimenezo nthawi zina, monga ngati mwavomera nokha. Ndiye kabatani kaja kovomereza kamene timadina osawerenga kali ndi mano. Ngati kampani ya inshuwalansi kapena kiliniki yakukanizani thandizo n'kunena kuti "sisitemu yakana", musachoke msanga. Pemphani kuti munthu aunikenso nkhaniyo, akuuzeni chifukwa, ndipo akulembereni.

Kunena zoona, katundu ameneyu sayenera kusenzedwa ndi odwala okha. Mayi amene wadzuka 4 koloko kukagwira mzere, mwana kumsana, n'kovuta kuti ayambe kufunsa za mapulogalamu, ndipo anesi amene aona anthu ochuluka chisanafike chakudya cha masana sakubisa kanthu, atopa chabe. Malo alionse amene kompyuta ikuwerenga zithunzi payenera kukhala chikwangwani cha m'Chinyanja, Chibemba ndi Chingerezi chonena dzina la pulogalamuyo, ntchito yake, zimene siingathe, ndi woti mumuone mukakayika. Unduna wa Zaumoyo uyeneranso kumauza anthu mmene mapulogalamuwa akuchitira pa odwala a kuno, chifukwa akasinthidwa ndi eni ake kunja, kawerengedwe kake kamasinthanso. Pepala la pakhoma silidya ndalama zambiri.

Zinthu zikalakwika, yambirani pafupi. Onanani ndi mkulu wa pa kiliniki kapena wa pachipatala, ndipo ngati mukuchita mantha pitani ndi wa m'komiti ya zaumoyo ya m'dera lanu, ija ya Neighbourhood Health Committee. Zikakanika pamenepo, kuli ofesi ya zaumoyo ya boma la Lusaka. Dandaulo la khalidwe la dokotala kapena la kiliniki yopanda laisensi lipite ku Health Professions Council, la mankhwala ndi zipangizo zokayikitsa ku ZAMRA, la chinsinsi chanu chimene chaululika ku ofesi ya Data Protection Commissioner, la malonda achinyengo ku CCPC. Dandaulo la pakamwa limauluka. Lembani, sungani kope, ndipo amene walandira asaine ndi kuika tsiku.

Kuti mudzakhale ndi cholemba, gulani kabuku ka sukulu kamodzi ka banja lonse, munthu aliyense masamba ake. Mukabwera kuchipatala lembani tsiku, malo, chimene anayeza, ngati anagwiritsa ntchito kompyuta ndi nambala imene inatuluka, dzina kapena udindo wa amene anakuonani, mankhwala amene mwapatsidwa ndi tsiku lobwerera. Ambuya amene salemba awalembere mdzukulu madzulo omwewo, asanaiwale. Mauthenga a pafoni a ogulitsa mankhwala ajambuleni musanawafufute, pamodzi ndi uthenga wa ndalama imene munatumiza.

Inu amene muli m'makomiti a zaumoyo, m'magulu a amayi a kutchalitchi ndi m'zilimba, itengeni nkhaniyi pa msonkhano wotsatira. Kafunseni pa kiliniki yanu ngati pali makina owerenga zithunzi kapena oyeza mimba ogwiritsa ntchito AI, dzina lake, ndi amene amatsimikiza zotsatira zake, kenaka mukauze anthu a m'dera lanu. Khansala ndi phungu wanu muwafunsenso kuti lamulo loyang'anira makinawa m'zipatala lili pati.